Musanagule penti, funsani kuti chowotcheracho n'cha ndani

Funso: Alamu anga ali ndi chowotchera nyama cha gasi chimene chakhala panja zaka zingapo mpaka chachita dzimbiri. Andiuza kuti ndichitenge ndizigwiritsa ntchito. Ndikufuna kuchikonza kuti ndiyambe bizinesi yowotcha nyama, ndipo pali munthu amene wavomera kundikongoza ndalama pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 iliyonse pamwezi. Kodi penti yabwino ndi iti, nanga dzimbirilo ndilichotse bwanji?

Yankho: Achimwene, za penti ndiyankha mothamanga chifukwa nkhani sinagone pamenepo. Gulani penti yopirira moto, mupake kunja kokha, m'kati musayerekeze. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi burashi ya waya ndi sandipepa. Chitsulo choikapo nyama mukachikwecha, chipukuteni ndi nsalu yonyowa kuti tiwaya tisatsalirepo n'kulowa m'nyama, kenako muchipake mafuta ophikira n'kuchitenthetsa. Basi.

Chimene chandiimitsa ine ndi mawu aja akuti "ndizigwiritsa ntchito". Alamu anuwo sanakupatseni, akubwerekani. Lero n'chitsulo chongodzaza malo, akufuna chichoke pakhomo. Koma tsiku limene chidzayambe kunyezimira ndi kulowetsa ndalama, adzakumbukira kuti n'chawo. Adzachifuna pa phwando lawo Loweruka, tsiku lenileni la malonda. Apo ayi kudzabwera mlongo wanu ndi mawu ofewa, akuti paja chija n'chathu, bwanji tizigawana kangachepe. Ndipo simudzakana, poti ndi abale. Makalata otere amandipeza kawirikawiri, mathero ake n'ngofanana: wokonza amatsala ndi ngongole, chitsulo n'kubwerera kwawo chili chatsopano.

Choncho chiguleni. Ngakhale pa mtengo wochepetsetsa, perekani kenakake, mulembe papepala tsiku, ndalama yake ndi mawu akuti chagulitsidwa, musayine nonse awiri pamaso pa mboni. Akakana kugulitsa, musakwiye, athokozeni. Akuuziranitu zam'tsogolo musanawonongepo kanthu.

Koma musanaperekenso ndalamayo, chiyeseni. Gogodani pansi pa bokosi la moto ndi sikuludiraiva. Ikabowola, chitsulocho chatha, chisiyeni. Mapaipi amene moto umatulukira aja, ma burner, atulutseni muwaone: ngati ang'ambika, moto uzikula mbali imodzi n'kumapsereza nyama. M'kati mwake mumakonda kumanga akangaude, ndiye gasi sasakanikirana bwino ndi mpweya, moto umatuluka wachikasu m'malo mwa wabuluu, n'kumadetsa nyama ndi mwaye. Paipi ya labala ndi regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi pochoka m'silinda) zomwe zakhala padzuwa ndi mvula zaka zonsezi musanyengerere, sinthani. Mukalumikiza, pakani madzi a sopo polumikizira paliponse muli panja, musayese ndi machesi. Pakatuluka thovu ndiye kuti gasi akudontha. Gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, amakhazikika pansi kudikira moto.

Tsopano masamu, ongoyerekeza chabe. Tinene kuti chatsopano chofanana nacho chikugulidwa 100. Ma burner atatu, paipi, regulator, chitsulo cha pamwamba ndi penti mwina zingakudyereni 60. Kwa ine zikangopitirira theka ndimayamba kale kukayika. Ndiye 60 ameneyo mwakongola kwa munthu wanu uja, amene dzina lake lenileni ndi wakatapila ngakhale akusekereni bwanji. Chiwongoladzanja chake ndi 18 pamwezi. Miyezi itatu, 54. Kuphatikiza ndi 60 uja, mwafika 114. Mwagula chakale, cha eni ake, pa mtengo woposa chatsopano. Ndipo bizinesi yongoyamba kumene yobweza ngongole yonse m'mwezi woyamba ndi yosowa.

Mtengo wa gasi nawonso simunautchule m'kalata mwanu, ndipo zandidetsa nkhawa. Ma burner atatu apakatikati, mutawatsegula onse mpaka kumapeto, amadya gasi woposa theka la kilogalamu pa ola. Silinda ya makilogalamu 9 ingakufikitseni maola 14 kapena cha pamenepo. Mukamawotcha maola 5 patsiku, masiku atatu okha yatha. Ndiko kuti kudzazitsa kakhumi pamwezi. Zowotchera zambiri zotere anazipangira banja lowotcha mwa apo ndi apo, osati malonda a tsiku ndi tsiku, ndiye musadabwe ma burner atsopanowo akathanso msanga.

Ine ndikanakhala inu, wakatapila ndikanamuuza kuti zikomo. Ndikanayamba ndi paipi ndi regulator kuchokera m'thumba langa, ma burner akale ndikanangowatsuka ngati sanabowoke, n'kuwotcha mlungu umodzi chowotcheracho chili chonyansa choncho. Gulani kabuku, muzilemba tsiku limene mwadzazitsa silinda, tsiku limene yatha, ndi nyama imene mwagulitsa pakati pa masiku awiriwo. Penti mudzagule ndi phindu, ngati kabukuko kadzasonyeze kuti lilipo.