Kodi unduna ungasamutse ndalama zomwe aphungu adavomereza kale?

Achimwene a ku Ndirande, mwafunsa ngati unduna uli ndi mphamvu zotenga ndalama zomwe bajeti idaikira ntchito ina n'kugwiritsa ntchito pa zina. Ndidagwirapo ntchito ku akaunti mu ofesi ina ya boma konkuno ku Blantyre, ndiye ndikuuzeni zomwe ndidaziona ndi maso.

Aphungu savomereza bajeti ngati mtolo umodzi. Amadutsa voti ndi voti (voti ndi gawo la bajeti la unduna kapena ofesi imodzi), ya zaumoyo payokha, ya maphunziro payokha, kenako n'kukhazikitsa lamulo lololeza boma kutapa ndalamazo mu akaunti yaikulu ya boma yotchedwa Account Number One ku Reserve Bank. M'kati mwa voti iliyonse muli timatumba: malipiro, ndalama zoyendetsera ofesi zomwe timazitcha ORT, ndi zachitukuko.

Kusuntha ndalama m'kati mwa voti imodzi timati virement, ndipo n'kololedwa. Mvula ikasasula denga mu Januwale simungadikire bajeti ya mu Epulo. Koma mlembi wamkulu wa unduna amayenera kulembera ku Treasury, ofesi yoyang'anira chuma cha boma, kufotokoza chifukwa, n'kudikira yankho. Zochotsa ndalama ku voti ina kupita ku inzake, kapena kuwonjezera pa zomwe zidavomerezedwa, zimenezo n'za aphungu. N'chifukwa chake nduna ya zachuma imabwereranso ku Nyumba ya Malamulo pakati pa chaka kukapempha kuti bajeti ikonzedwenso.

Chomwe chinkandiwawa ine n'chakuti kalata ija nthawi zina inkalembedwa ndalama zitadyedwa kale. Ndikukumbukira tsiku lina bwana akundiikira mavaucha a ma alawansi patebulo, amvekere "pezani poti zilowe." Mu bajeti yathu, mzere wa maulendo unali utauma. Mzere wokhawo womwe unali ndi kenakake unali wokonzetsera mapaipi, pomwe zimbudzi za pansi zinali zitatsekedwa kwa miyezi.

Komiti ya aphungu yolondoloza momwe ndalama za boma zagwiritsidwira ntchito, ya PAC, imafunsa ndithu, koma imatsamira pa lipoti la mkulu wofufuza mabuku a ndalama za boma, Auditor General, lomwe limafika chaka chitadutsa kale. Pofika nthawiyo wosayina uja adasamutsidwa kapena adapuma. Za kusokonekera kwa zina mwa K6.2 biliyoni za Covid zija tidazidziwa msanga mu 2021 chifukwa anthu adachita phokoso mpaka kafukufuku wapadera adachitika.

Komanso musafulumire kunena kuti ndalama zapatutsidwa. Nambala yomwe mumaiona m'buku la bajeti ndi chilolezo chabe. Treasury imatumiza fandingi, ndalama zenizenizo, pang'onopang'ono malinga ndi misonkho yomwe MRA yatolera, ndipo mwezi ukavuta, zachitukuko ndi zomwe zimayamba kudulidwa. Ntchito zambiri zimaima ndalama zake zisanafike n'komwe.

Ndiye pa ntchito iliyonse yomwe ikukudetsani nkhawa, funsani ziwiri: fandingi idatuluka zingati, ndipo ngati idasunthidwa, kalata ya ku Treasury ili kuti? Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza mauthenga m'maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Lembani kalata, musunge kope yodindidwa, ina mukapatse phungu wanu.