Steki yofewa siyambira pa chiwaya, achemwali

Achemwali, ndaona funso lanu. Mwati mwangosamukira kumene ku Lilongwe kuno ndipo mukufuna kudziwa kogula steki ndi nyama ya ng'ombe yabwino yophika pakhomo, chifukwa imene munagula Loweruka inakana mano mpaka alendo anangodyera nsima msuzi. Pepani, nafenso zinatichitikirapo. Ena akupatsani kale mayina a mashopu, ndiye ine nditalikitsako pang'ono, mundipirire. Malemu bambo anga ankachita geni ya ng'ombe, kugula kumidzi ya ku Mitundu n'kumadzagulitsa m'mabutchala a m'tauni muno, choncho zambiri ndinaziona ndi maso ndili kamtsikana.

Ndiyambe ndi chimene ambiri adzanditsutse nacho: nyama yophedwa lero si ya steki. Ife Amalawi timakonda kumva wogulitsa akuti "mayi, yalero iyi, onani ikutenthabe", ndipo timaona ngati tatola chikwama. Ya ndiwo yowiritsa maola awiri kapena atatu, palibe vuto. Koma ng'ombe ikangophedwa mnofu wake umakungika n'kuuma gwa, ndipo umakhala choncho tsiku lathunthu kapena kupitirira. Mukaudula nthawi imeneyo n'kuuponya pa chiwaya, mutafuna lamba. Nyama ya steki imafunika ikolekedwe m'chipinda chozizira kwambiri, cha madigiri a pakati pa 0 ndi 4, kwa masiku 7 mpaka 14, kuti ifewe yokha. Ndiye musanafunse mtengo, funsani kuti, "Inaphedwa liti, ndipo mwaisunga bwanji?" Akakuyankhani monyadira kuti m'mawa womwe uno, gulani ya ndiwo, za steki muiwale tsiku limenelo. Musayesere kuikoleka nokha kukhitchini ndi kutentha kwa kuno, mudzaitaya.

Kenako pali nkhani ya ng'ombe yakeyo. Ng'ombe zathu zambiri ndi zamakolo zija za linunda, zimene alangizi amazitchula Malawi Zebu. Nyama yake ndi yokoma, ine sindiisinthanitsa ndi ina pa msuzi. Vuto ndi loti kumudzi munthu sagulitsa ng'ombe ikadali yanthete. Ng'ombe ndi banki. Imagulitsidwa pakagwa maliro, pakafunika fizi kapena feteleza, ndipo imene imachoka m'khola ndi nkhalamba: yaikazi yosiya kubereka, kapena mfule imene yakoka ngolo zaka ndi zaka mpaka khosi linachita zipsera za goli. Bambo anga ankayang'ana mano asanatchule mtengo, ndipo akaona operepeseka ankangoseka n'kunena kuti "iyi ndi ya mumphika". Ng'ombe yotere ngakhale mutadula malo ofewa bwanji, sifanana ndi yaing'ono ya zaka ziwiri kapena zitatu imene yanenepetsedwa m'khola ndi madeya.

Inu simudzaona mano, koma mafuta amaulula. Akakhala achikasu kwambiri, kawirikawiri ndi ng'ombe yaikulu msinkhu yodya msipu. Oyererako ngati mkaka, olimba mukawagwira, amasonyeza yaing'onoko kapena yodyetsedwa m'khola. Mnofu ukhale wofiira mowala, osati wakuda bii ndi womata m'manja. Wakudawo nthawi zambiri umachokera ku ng'ombe imene inayendetsedwa mtunda wautali kapena kuzunzika isanaphedwe, ndipo suchedwa kuwonongeka. Mukaona timizere ta mafuta toyera m'kati mwa mnofu weniweniwo, osati m'mphepete mokha, gulani osachedwa, ndi timeneto timene timasungunuka pa moto n'kufewetsa steki. Nyengo nayo imalowererapo. Kuyambira Epulo mpaka Juni ng'ombe zimakhala zitakhuta msipu wa dzinja. Pofika Okutobala ndi Novembala zambiri za kumudzi zimakhala nthiti zokhazokha, ndiye miyezi imeneyo steki muzigula kwa amene amanenepetsa ng'ombe zawo.

Tsopano kogula. Ine ndimagula malo awiri osiyana, kutengera chimene ndikuphika.

Ya steki ndimapita komwe kuli chipinda chozizira ndi makina ochekera. Mu Lilongwe muno anthu ambiri amadziwa Nyama World, Kapani, Food Lover's Market, Foodworths, komanso mbali ya nyama m'mashopu akuluakulu ngati Chipiku Plus ndi Sana. Sindikuuzani kuti uyu ndiye katswiri kuposa anzake, chifukwa nyama imasintha malinga ndi ng'ombe imene yabwera sabata imeneyo, ndipo shopu imodzi yomweyo nthambi zake zimasiyana. Chimene ndingakuuzeni ndi chakuti musamangotola ya m'mbale zokutidwa ndi pulasitiki zija. Pitani pa kauntala, mupereke moni, muuze mnyamata wodulayo chimene mukufuna. Zoikiratu m'mbale nthawi zambiri amazidula zopyapyala ngati chikopa cha buku, ndipo steki yopyapyala imauma isanapse n'komwe kunja. Muuzeni adule yochindikala ngati zala ziwiri, masentimita awiri ndi theka kapena atatu.

Mayina a nyamazo musachite nawo manyazi, ndi a Chingerezi ndipo ndi omwewo amene odulawo amagwiritsa ntchito. Lamulo lake ndi losavuta: malo amene ng'ombe sigwiritsa ntchito kwambiri ndi amene amafewa. Fillet ili m'kati, kunsi kwa msana, ndi yofewa kuposa zonse komanso yodula kuposa zonse, ngakhale kwa ine kukoma kwake ndi kozizira. Sirloin ndi ribeye ndi za pamsana, ndipo ribeye ndi imene imakhala ndi timafuta tam'kati tija. T-bone ndi fupa lokhala ndi sirloin mbali imodzi, kachidutswa ka fillet mbali inayo, kungoti mumalipiranso fupalo. Rump ndi ya kumbuyo chakumtunda, yolimbirako pang'ono koma yokoma zedi, ndipo pa ndalama zathuzi ndi imene ndimalangiza anthu. Samalani ndi topside ndi silverside. Ndi za pantchafu, zimaoneka zokongola, zofiira, zopanda mafuta, ndipo malo ambiri mukangoti "ndipatseni steki" amakupatsani zimenezi, chifukwa kwa iwo steki ndi nyama iliyonse yopanda fupa. Ndikuganiza kuti ndi zimene zinakuchitikirani Loweruka. Nyama imeneyo ndi yabwino yogaya, yophika pang'onopang'ono, kapena yodula tizidutswa topyapyala tokazinga ndi anyezi, koma osati yowotcha ngati steki.

Ya ndiwo ya masiku onse, kunena zoona, sindiona chifukwa chothamangira kushopu yodula. Butchala ya m'dera lanu kapena ya mumsika ndi yokwanira, bola mudziwe kusankha. Kumeneko ndi kumene mungapeze ya pa nganga, ya m'khosi, nthiti, ya m'miyendo yokhala ndi fupa la mafuta m'kati, mchira, mang'ina, chiwindi ndi nthumbwana. Zimenezi zili ndi mitsempha yambiri, ndipo mitsempha imeneyo ikawira nthawi yaitali ndi imene imapangitsa msuzi kukhala wonanda, womata milomo. Fillet singakupatseni msuzi wotero ngakhale mutaithira tomato wa dengu lonse. Ndipo mukapeza linunda, musalisiye. M'mashopu akuluakulu silipezekapezeka, koma ophera ng'ombe zamakolo amakhala nalo ndipo limatha msanga. Liphikeni pa moto wochepa lathunthu, kenako mulidule n'kuliwotcha pang'ono pa makala. Bambo anga linunda sankagulitsa, linkabwera kunyumba.

Mumsika pitani m'mawa, isanakwane 9 koloko, nyama isanaone dzuwa ndi ntchentche. Yang'anani chidindo cha a zaumoyo wa ziweto pa nyama yokolekedwayo, cha inki yofiirira mobiriwira chija. Chimasonyeza kuti inapimidwa itaphedwa. Nyama imene yangofika m'thumba kapena mu beseni, yodulidwa kale, yotchipa modabwitsa, isiyeni. Simukudziwa ngati ndi yobedwa kapena yofa yokha, ndipo ng'ombe yofa yokha yagonekapo anthu m'chipatala. Mukaona timatuza toyera ngati njere za mpunga m'kati mwa mnofu, musagule, ndi timene timayambitsa njoka za m'mimba. Mukamva pa wailesi kuti boma laletsa kuyendetsa ng'ombe kuchokera ku Chikwawa kapena ku Nsanje chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, dziwani kuti nyama ichepa, mitengo ikwera, ndipo nthawi ngati imeneyo ndi imene za m'matumba zimachuluka.

Pali kanthu kena ka mumsika kamene kamanditopetsa: chikwanje. Mwasankha nyama yanu bwinobwino, munthu n'kuiika pa chipika n'kuyamba kuikhapa ngati nkhuni, mafupa n'kuphwanyikira mu mnofu monse. Mwana wanga wachiwiri anathyoka dzino ndi kafupa kotere ali Sitandade 4, ndipo kuyambira pomwepo ndimanena asanakweze dzanja kuti adule ndi mpeni, fupa acheke ndi sowo, apo ayi andipatse yathunthu ndikadule ndekha kunyumba. Sikelo nayo muziiyang'ana. Onani kuti muvi uli pa ziro asanaike kanthu, ndipo onetsetsani zimene akuponyapo pomaliza "kuti ikwane kilo", chifukwa nthawi zambiri ndi mafuta ndi zikwanyakwanya. Munthu mmodzi pa butchala ina, sinditchula malo, anandipimira kilo ziwiri zimene kunyumba zinapezeka kilo imodzi ndi theka. Sindinakangane naye, ndinangosiya kupitako.

Ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Pezani wodula nyama mmodzi, mumudziwe dzina, akudziweni nkhope. Wanga ndakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi. Akalandira ng'ombe yabwino amandiimbira, ikakhala yokalamba amandiuza yekha kuti "amayi, lero tengani ya msuzi basi". Pa Khrisimasi ndimamupatsa kangachepe, iyenso banyira sandimana. Munthu wachilendo amene wangotulukira Loweruka masana, mzere uli mbwee, amapatsidwa zimene zatsala. Ngati ndinu Msilamu kapena mumalandira alendo achisilamu, funsaninso za halaal. Mabutchala ambiri m'tauni muno amakhala ndi satifiketi yake pakhoma, ndipo sakhumudwa mukafunsa.

Ndi kuthimathima kwa magetsiku, ya m'firiji nayo musaikhulupirire ndi maso otseka. Mukaona magazi oundana pansi pa paketi, kapena madzi oundana ambirimbiri m'kati mwa pulasitiki, ndiye kuti inasungunukapo n'kuumitsidwanso. Yotero imataya madzi onse pa chiwaya, m'malo mokazingika imangowira n'kusanduka yotuwa. Inunkhizeni ngati n'kotheka. Nyama yabwino sinunkha kanthu kwenikweni, ikangomveka kowawasa ibwezeni. Kunyumba muigawiretu m'timajumbo ta mlingo wophika kamodzi musanaiike mu firiji, kuti musamasungunule mulu wonse tsiku lililonse.

Ndinene pang'ono za kuphika, poti nyama yabwino imathanso kuphedwa kachiwiri kukhitchini. Steki musaitsuke n'kuiponya pa moto ikudontha madzi, ipukuteni iume. Ithireni mchere, tsabola wakuda ngati muli naye. Chiwaya chikhale cholemera, chitenthe mpaka kuyamba kufuka, mafuta pang'ono chabe. Ikani zidutswa ziwiri zokha nthawi imodzi, ndipo musazisunthesunthe. Mphindi zitatu kapena zinayi mbali iyi, chimodzimodzi mbali inayo, kenako muiphule ikhale pa mbale mphindi zisanu musanaidule. Podula, mpeni upingase mizere ya mnofu, osati kuitsata. Ndikudziwa kuti ambiri kwathu kuno akaona kufiira m'kati amati ndi yaiwisi, amuna anga ali m'gulu lomwelo. Ngati kwanu n'chimodzimodzi, gulani ribeye kapena rump yokhala ndi mafuta m'mphepete, chifukwa imapirira kupsa kwambiri, pomwe fillet yopsereratu ndi kutaya ndalama. Nyama yogaya yokha ndiye ipse mpaka m'kati nthawi zonse. Pa mbaula, dikirani makala achite phulusa loyera pamwamba, malawi atatha, ngati mmene amachitira anyamata a kanyenya odziwa ntchito yawo.

Ikapezeka kuti mwagula kale yolimba, musaitaye. Agogo anga ankathudzula masamba a papaya n'kukulungamo nyama kwa maola angapo, ndipo zimagwiradi ntchito chifukwa utomoni wa papaya umafewetsa mnofu. Kungoti musaigoneke usiku wonse, kunja kwake kumachita phalaphala. Apo ayi iduleni, muisandutse ya msuzi, palibe amene adzadziwe kuti munkafuna steki.

Loweruka likubwerali yesani chonchi: pitani m'mawa komwe kuli chipinda chozizira, funsani rump imene yakhalako sabata, akudulireni zidutswa ziwiri zochindikala, theka la kilo lokha kuti mukayesere kaye inu ndi bambo a kunyumba alendo asanabwerenso. Pobwerera mudutse mumsika mutenge ya pa nganga ya Lamulungu. Mundiuzenso dera limene mukukhala, chifukwa ngati ndi chakuno ku Area 25 tikhoza kupitira limodzi ndikakuonetseni kwa mnyamata wanga uja.