Kwa mayi a mwana wa Sitandade 7 ku Bembeke: muyeseni kunyumba musanalipire aliyense

Mayi, mwafunsa momwe mungadziwire njira imene mwana wanu amaphunzirira bwino, popeza amawerenga usiku uliwonse koma mayeso akulephera. Mwafunsanso za part-time ndi za sukulu yogonera komweko. Za sukulu yogonera akuyankheni ena. Ine ndikhala pa funso loyambalo, chifukwa mayankho ena amene mwalandira akuwonongetsani ndalama.

Ena akuuzani kuti ana ali m'magulu atatu, ophunzira ndi maso, ndi makutu, ndi manja, ndipo mungoyankha timafunso ta pa foni n'kudziwa gulu la mwana wanu. Chonde musamumate mwana dzina lotero. M'chaka cha 2008 akatswiri anayi, Pashler, McDaniel, Rohrer ndi Bjork, anasanthula kafukufuku wa nkhaniyi ndipo sanapeze umboni wokwanira woti mwana akaphunzitsidwa motsata gulu lakelo amakhoza bwino kuposa kale. Zoona, mwana aliyense ali ndi njira imene amaikonda, koma imene amakonda si nthawi zonse imene imamusungitsa zinthu m'mutu. Choopsa n'chakuti mwana akauzidwa kuti "iwe ndiwe wa makutu" amayamba kuthawa buku, chonsecho pa mayeso omaliza pulayimale a PSLCE a MANEB adzakhala yekha ndi pepala. Mapu amafuna maso, ndakatulo imafuna kuimva, masamu amafuna pensulo m'manja.

Yambani ndi Chingerezi. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, ndipo ana ambiri amene amanenedwa kuti alibe mutu anatsalira pamenepa. Tsegulani buku lake la sayansi, awerenge ndime imodzi mokweza, atseke buku, akuuzeni m'Chichewa zimene wamva. Ngakhale inu Chingerezi simuchidziwa, mumva ngati akufotokoza zomveka kapena akungozungulira. Akamakakamira pa mawu oposa asanu patsamba limodzi, kapena akawerenga mosadodoma koma kufotokoza n'kumukanika, vuto mwalipeza. Akhale ndi kope la mawu atsopano: asanu patsiku, tanthauzo lake m'Chichewa, ndi chiganizo chopeka yekha.

Yang'ananinso makope ake. Mawu oduka pakati, manambala osinthana, mizere yodumphidwa, zonsezi zikhoza kutanthauza kuti pabolodi saona bwino kuchokera pamene amakhala. Ngati amakonda kunena "ee?" mukamuyankhula, kapena khutu linatulukapo mafinya, pitani naye ku chipatala cha boma ku Dedza akamupime. Pemphaninso aphunzitsi amukhazike kutsogolo.

Zimenezo zikakhala bwino, muyeseni kwa milungu iwiri. Mufunika kope limodzi, lomwe likhoza kukhala cha m'ma K1,000 malinga ndi kumene mwagula, poti mitengo ikusinthasintha. Sankhani mitu itatu yofanana kutalika m'phunziro limodzi. Lolemba atenge mutu woyamba, awerenge mphindi 20 ndi kujambula zimene wawerenga, monga duwa ndi mayina a zigawo zake. Lachitatu atenge wachiwiri, awerenge mokweza, kenako akaphunzitse mng'ono wake kapena agogo ake ngati iye ndiye mphunzitsi. Lachisanu atenge wachitatu augwire ndi manja: ngati ndi mbewu, anyike nyemba usiku, m'mawa aisende, aing'ambe pakati, aone kamphukira kali mkatimo. Pa masamu, mbatatesi yodula pawiri, panayi, pasanu ndi patatu imaonetsa ma fraction bwino kuposa kuloweza.

Pamene makolo ambiri amalakwitsa ndi pa kufunsa. Musamufunse tsiku lomwelo, chifukwa zinthu zikadali zatsopano m'mutu njira iliyonse imaoneka ngati yagwira. Dikirani masiku awiri. Mufunseni mafunso 10 buku lili chitsekere, alembe mayankho, ndipo musamuyambire mawu ngakhale akuyang'anani momvetsa chisoni. Lembani malikisi kumapeto kwa kope. Mlungu wachiwiri tengani mitu ina itatu n'kusintha ndondomeko, chifukwa mwina njira ina inaoneka yabwino kungoti inagwera mutu wosavuta. Mafunsowo mungawatenge kumapeto kwa mutu m'buku, kapena m'mapepala akale a PSLCE amene aphunzitsi a Sitandade 8 amasunga.

Mukamaliza, mwanayo aone yekha malikisiwo ndipo anene njira imene yamuthandiza pa phunziro liti. Akazindikira yekha, adzaigwiritsa ntchito ngakhale inu mulibe. Mungapeze kuti sayansi amaigwira pojambula koma Social Studies amaigwira pofotokozera munthu. Palibe cholakwika pamenepo, agwiritse zonse ziwiri.

Koma chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi kuwerenga kwa usiku uliwonse kumene mwatchulako. Kubwerezabwereza tsamba lomwelo kuli ngati kutunga madzi m'dengu. Maso amazolowera mawuwo, mwana n'kumaganiza kuti wadziwa, koma buku likatsekedwa m'mutu mulibe kanthu. Chimene chimakhalitsa zinthu ndi kuvutika kuzikumbukira. Pa mphindi 30 zilizonse, 10 awerenge, 15 atseke buku alembe zonse zimene akukumbukira, 5 zotsalazo atsegule aone zimene waphonya n'kuzilemba ndi bolopeni yofiira. Mutu womwewo aubwerere mawa lake, kenako pakatha masiku atatu, kenako pakatha mlungu. Poyamba adandaula kuti njirayi ndi yowawa ndiponso kuti akukumbukira zochepa. Musamulole abwerere ku yakale.

Za part-time, musalipire musanaone kope la mwana amene amapita kale kumeneko. Mukapeza manotsi okopera pabolodi okhaokha, opanda ntchito yochongedwa, sungani ndalama zanu. Mwana wanu adzangokhalanso m'gulu lalikulu akukopera zimene sakuzimva, monga m'mawa kusukulu. Funsani kuti amakhala ana angati, komanso ngati aliyense amachongeredwa payekha. Amene akuti mugule foni kapena tabuleti aiwala kuti mwana woonera vidiyo osalemba kanthu amaiwala chimodzimodzi ndi wowerenga osatseka buku.

Nthawi yowerengera muiganizirenso. M'miyezi ya June ndi July kuno ku Dedza mwana sangagwire pensulo bwino usiku manja atauma ndi chisanu, ndiye awerenge masana akangodya, dzuwa likadalipo. Nthawi yokumba mbatatesi ndi masiku a msika, yesetsani asajombe. Masamu a Sitandade 7 amamangirirana, akaphonya masiku atatu a ma fraction adzavutika ndi ma percentage. Milungu iwiri ija ikatha, tengani kope la malikisi mukawaonetse aphunzitsi ake, muwafunse ngati m'kalasi akuona zomwezo.