Kodi woimba wa m'buku lanu asiye kuimba kuti akwatire?

Achemwali, imelo yanu ndinaiwerenga usiku ndipo tulo sitinabwere msanga. Mukuti mukulemba buku la chikondi: mnyamata woimba nyimbo zauzimu watchuka, wakonda mtsikana wa mumpingo mwawo, makolo a mtsikanayo sakumufuna, ndiye mukufunsa ngati pomaliza asiye kuimba kuti aonetse kuti watembenukadi mtima. Funso lomwelo linandizunguza ine zaka zitatu, ndipo ndinaliyankha molakwika. Mundipirire, ndiyambira kutali.

Bambo anga anali mlaliki wa m'misonkhano. Sanali wa pa TV ayi, koma kuyenda nawo pamsewu kunali kuima paliponse, uyu akugwira chanza, uyo akupempha pemphero. Chimene ine ndimakumbukira kwambiri ndi msana wa amayi. Loweruka usiku ankasita malaya oyera, kuyamba kolala, kenako mikono, akamaliza n'kupinda mipango itatu kuika m'thumba la jekete, chifukwa bambo akayamba kulalikira thukuta linkachita kuyenderera. Anthu ankabwera kunyumba ngakhale pakati pa usiku. Tsiku lina mayi wina anagwira manja a amayi, misozi ili mbwembwembwe, akuti, "Inu ndinu odala, kukhala nyumba imodzi ndi munthu wa Mulungu." Amayi anangoti zikomo, n'kupita kukatsuka makapu. Tsiku limenelo bambo anali asanawalankhule mawu ngakhale amodzi. Panalibe mkangano. Mawu anali atathera kwa anthu ena.

Nditayamba kulemba buku langa ndinkadziwa kale amene ndikufuna kumulanga. Wanga anali woimbanso. Ndinam'kweza pamwamba, ndinam'patsa khamu lom'kuwira, ndinam'gwetsa, ndipo m'mutu womaliza anaika maikolofoni pansi pamaso pa anthu, n'kunena kuti wasankha Mulungu ndi banja. Ndinalira polemba tsamba limenelo. Ndinasindikiza masamba onse n'kuwapatsa amayi, ndili ndi chikhulupiriro kuti adziona m'menemo ndipo andithokoza.

Anatenga masabata awiri. Pobweza anati, "Mwana wanga, mtsikanayu wam'lakwira. Wam'patsa mwamuna amene azidzamuyang'ana tsiku lililonse n'kumakumbukira chimene anataya chifukwa cha iye." Ndinayamba kudziteteza, iwo anandidula. "Anakuuza ndani kuti ine ndinkafuna bambo ako asiye kulalikira? Ndinkafuna akalowa m'nyumba azindifunsa kuti ndaswera bwanji, basi."

Kuyambira pamenepo mathero aja ndimadana nawo, ndipo ndikamakula ndi pamene ndikudana nawo kwambiri. Ndi ulesi wa mlembi. Timatenga kutchuka n'kukuveka nyanga, kuti pomaliza tikudule mutu n'kunena kuti nkhani yatha. Koma munthu wosamvera mkazi wake ali pa siteji sadzayamba kumumvera chifukwa choti wakhala pakhomo. Adzangokhala wosamva yemweyo, koma tsopano wopanda chochita ndiponso wowawidwa mtima. Palinso funso limene sitilifunsa: ngati mphatsoyo inachokera kwa Mulungu, monga bukulo lakhala likutiuzira masamba mazana awiri, bwanji kuikwirira kukhale umboni wa chikhulupiriro? Pa Mateyu 25 wantchito amene anakwirira ndalama ya mbuye wake sanayamikiridwe.

Nkhani ya chikondi, kutchuka ndi banja inalembedwa kale bwino kuposa mmene tonsefe tingalembere, ndipo ili m'mabuku a Samueli. Davide akubwera kunkhondo, akazi akuimba kuti iye wapha ochuluka kuposa Sauli, ndipo apongozi am'tsogolowo akuyamba kumuyang'ana ndi diso loipa. Pa 1 Samueli 18:20 akutiuza kuti Mikala, mwana wa Sauli, anam'konda Davide. Sauli atafuna kupha Davide, ndi Mikala amene anam'tsitsira pazenera kuti athawe. Zaka zikudutsa, Davide akukwatira ena, Mikala akuperekedwa kwa mwamuna wina. Davide atakula mphamvu akuitanitsa mkazi wake, ndipo mwamuna winayo, Palitiyeli, akum'tsatira pambuyo akulira mpaka ku Bahurimu, kumene Abineri, mkulu wa asilikali, akumuuza kuti abwerere. Kenako pa 2 Samueli 6 Davide akuvina pamaso pa Likasa, mzinda wonse ukusangalala, ndipo Mikala ali pazenera kachiwiri, akumupeputsa mumtima mwake. Zenera loyamba anam'pulumutsirapo, lachiwiri akum'nyozerapo. Pa maulaliki ambiri amene ndinamva Mikala ndiye wolakwa, ndipo sindikukana kuti mawu ake anali olasa. Koma mlembi aliyense wa mabuku a chikondi ayenera kukhala pansi n'kudzifunsa chimene chinachitika pakati pa mazenera awiriwo. Buku lanu lili pamenepo.

Mwina mukuti zimenezo n'zowawa, owerenga amafuna mathero okoma. N'zoona, ndipo sindikukuuzani kuti muwasiyanitse. Mtundu uwu wa mabuku uli ndi pangano lake: chikondi chikhale pakati pa nkhani, ndipo awiriwo athere limodzi. Makampani osindikiza mabuku akhala akusunga pangano limeneli kwa zaka zambiri. Mills & Boon inayamba ku London mu 1908, Harlequin ku Canada mu 1949, ndipo mu 1997 Harlequin inatsegula gawo la Love Inspired la nkhani za chikondi za chikhristu, zopanda zakuchipinda ndi zotukwana. Ine ndilibe nawo mlandu malamulo amenewo. Chimene chimanditopetsa ndi njira zachidule zimene tinazolowera. Ngozi ya galimoto m'mutu wachiwiri kuchokera kumapeto. Bedi la kuchipatala, pemphero la mizere inayi, munthu n'kudzuka ali watsopano. Ndawerenga zotero zambiri moti ndikangoona woimba akukwera galimoto kukugwa mvula, ndimadziwa kuti abusa ali pafupi. Chikhulupiriro chotere chimakhala ngati chigamba chosokera pamwamba. Anthu enieni amene ndinawaona akusintha ankasintha pang'onopang'ono, akugwa, akuchita manyazi, akupepesa mosalongosoka.

Za makolo aja nazonso. Mwawatchula m'chiganizo chimodzi chokha, ngati mpanda woti mnyamata audumphe. Apatseni chifukwa chomveka. Mwina mayi wa mtsikanayo anaonapo mkazi wa munthu wotchuka akudya yekha chaka chonse. Mwina bamboyo akuopa kuti mwana wake azidzadziwika ndi dzina la mwamuna basi, zithunzi zake zili pa Facebook anthu osam'dziwa akukangana za kavalidwe kake. Makolo akakhala kuti akunena zoona pang'ono, owerenga amayamba kuopa nawo, ndipo mnyamatayo amayenera kuchita zambiri kuposa kuimba nyimbo yokoma pakhomo pawo.

Nanga mulembe bwanji?

Asasiye kuimba. Ataye chinthu chimodzi chimene akuchifuna kwambiri, owerenga akuona: konsati yaikulu imene yagwera tsiku limene mtsikanayo akumufuna, ndipo pasapezeke wom'wombera m'manja chifukwa cha zimenezo. Mtsikanayo akhale ndi ntchito yake, chikhulupiriro chake ndi tchimo lake, asakhale mngelo wodikirira pakhomo. Lembani mutu umodzi woimbayo ali yekha itatha konsati, magetsi azima, akulephera kupemphera mawu omwe wangowaimbira anthu.

Bambo anga sanasiye kulalikira mpaka mawu anawathera okha ndi ukalamba. Chimene chinasintha chinali chaching'ono moti ana sitinachione msanga. Chaka china anayamba kuzimitsa foni akafika pakhomo, n'kukhala pampando wa kukhitchini amayi akugwira ntchito zawo, osalankhula zambiri. Anthu ena anadandaula kuti munthu wa Mulungu wayamba kunyada. Amayi anapitiriza kusita malaya oyera aja, koma tsopano bambo ndiwo ankapinda mipango, mokhotakhota, ndipo amayi ankaipindanso iwo akatuluka.

Buku langa lija likadali m'kabati, mutu womaliza ndinaung'amba ndipo sindinalembe wina. Lanu mukafika nalo pakati munditumizire, koma muyambe ndi mutu umene tikuonera m'maso mwa mtsikanayo.