Mwana wobadwa masiku asanakwane, phala ayambe liti?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nchalo, dzina sinditchula. Akuti mwana wawo anabadwa mimba ili ndi masabata 32, anakhalako pa kangaroo (kumuika pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu kuti azifundidwa), pano wakwanitsa miyezi 6 koma khosi silinalimbe bwinobwino, ndiye apongozi akuti ayambe phala basi, azimwanso madzi poti kunjaku kwatentha. Akufunsa kuti atani.

Achemwali, mimba yokwana ndi masabata 40, ndiye wanuyo anafulumira ndi masabata 8, tingoti miyezi iwiri. M'buku la kusikelo ali ndi miyezi 6 inde, koma khosi, kamezedwe ndi matumbo zili ngati za mwana wa miyezi 4. Paja timati kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 kenako phala, koma kwa mwana ngati wanuyu miyezi iwiri ija muzichotsa kaye, kenako muyang'ane mwanayo zomwe akuchita. Katemera yekha ndi amene amatsata tsiku lobadwa, ameneyo musachedwetse chonde.

Ndiye muone izi, kodi mukamukhazika pamwendo mutamugwira m'chiuno mutu akuuimika yekha osagwera uku ndi uku? Akumatenga zinthu n'kuika kukamwa? Mukamadya akumakuyang'anitsitsani n'kumayasamula? Mukamuika kaphala pamlomo akumeza kapena lilime likungokankhira kunja? Ngati khosi likadali lendelende monga mwaneneramo, ine ndikuti dikirani kaye, mwana wotere amatsamwa msanga ndipo phala likalowera kumapapo ndi chibayo chimenecho.

Komanso musati poti anabadwa wamng'ono ndiye mudikire mpaka chaka ayi. Ayironi wambiri, amene amathandiza thupi kupanga magazi, mwana amatenga kwa mayi m'miyezi itatu yomaliza ya mimba, wanuyo miyezi imeneyo sanaimalize, ndiye magazi amachepa msanga makamaka kuno kuchigwa cha Shire komwe malungo sasowa. Kusikelo kukubweraku muwafunse anamwino za mankhwala owonjezera magazi, aonenso mzere wa kakulidwe kake m'bukumo, mugwirizane nawo nthawi yoyambira. Apongoziwo pitani nawo limodzi, akufuna zabwino iwo, kungoti ndi bwino akamve okha kusiyana ndi kumakangana pakhomo.

Za madzi zija ayi ndithu. Ndikudziwa kutentha kwa Chikwawa ndi Nsanje mu Okotobala, munthu wamkulu amene umachita kusowa pokhala, koma mkaka wa m'mawere ndi madzi kale, mungomuyamwitsa pafupipafupi usana ndi usiku, inuyo ndi amene muzimwa madzi ambiri. Akadzayamba kudya mpamene muzidzampatsa pang'ono pa kapu, owiritsa kapena othira klorini, makamaka nyengo ya madzi osefukira pomwe zitsime zimaipa.

Tsiku loyamba likafika muyambe ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku, atakhala tsonga osati chogona, ndipo muyambe mwamuyamwitsa. Apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa, timaphika phala la ufa woyera lamadzimadzi lija loti angomwa, kamimba kake kochepa kale kamadzadza ndi madzi ndipo sikelo simakwera. Phala likhale losalala koma logwira, loti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Mgaiwa, mapira kapena mchewere zonse ndi zabwino, Likuni Phala ngati mwaipeza. Akazolowera muzithiramo nsinjiro za mtedza wosankha bwino wopanda chuku, kasupuni ka mafuta ophikira, dzira lopsa bwinobwino, ufa wa matemba kapena usipa wosinja n'kusefa kuti pasakhale kamunga, kenako mbatata, dzungu, nthochi, khobwe wochotsa makoko, kaufa ka sangowa (moringa) pang'ono. Chatsopano chimodzi chimodzi, mukaona zidzolo kapena kutupa milomo musiye n'kupita naye kuchipatala. Mchere ndi shuga musathire, uchi ayi mpaka atakwanitsa chaka, tiyi nayenso ayi chifukwa amatchinga ayironi uja kulowa m'thupi.

Ana amene anakhalapo ndi kapaipi kodyetsera m'mphuno ena amakana supuni poyamba, amalavula, amachita ngati asanza. Musamutseke mphuno kapena kumukakamiza momwe ena amachitira, siyani muyesenso mawa. Koma akamatsokomola pomeza nthawi zonse, kupuma movutika, kapena sikelo ikaima miyezi iwiri yotsatizana, musadikire tsiku la sikelo, pitani naye kuchipatala. Bere lipitirire mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira apo.