Ana akamangobwereza nkhani m'malo molemba review

Madamu, mwafunsa kuti mutani poti ana anu a Fomu 3 mukawauza kuti alembe review ya buku (kuliunika ndi kunena maganizo awo pa bukulo), amangokubwezerani nkhani yonse kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Inenso ndimaphunzitsa Chingerezi pa CDSS, ndipo ndinavutika nazo zimenezi mpaka ndinaona kuti mbali ina wolakwa ndife aphunzitsi. Chiyambire Fomu 1 timawakhomerera summary, n'kumawakalipira akaikamo maganizo awo. Ndiye tsiku limodzi tingodzuka n'kuti "tiuze mmene walionera bukuli"? Mwanayo apita kumene akudziwa.

Ine ndimayamba ndaika buku pambali. Ndimalowa m'kalasi n'kufunsa m'Chichewa momwemo kuti pa ziwaya zonse za pamsika wathu, tchipisi chokoma chili kwa ndani. Phokoso lake! Wina akuti kwa uje poti saumira saladi, wina akuti bodza, mafuta ake ndi a dzana, chimachita kununkha. Likakhala Lolemba loti dzulo lake Bullets yakumana ndi Wanderers, ndiye ntchito yapepuka. Palibe mwana amene amafotokoza mphindi 90 zonse za mpira. Amangoti goloboyi ndiye watigwetsa, taonani chigoli chachiwiri chija mmene anatulukira pagolo. Akamakangana choncho ine ndikulemba pa bolodi zimene akunenazo m'mizere itatu: chigamulo, chifukwa, umboni. Kenako ndimawauza kuti review ayilemba kale pakamwa, chatsala n'kuyiika m'Chingerezi.

Koma pali china chozama chimene sitimachitchula kawirikawiri. Ana athu akula ndi mwambo woti wamkulu satsutsidwa, ndipo kwa iwo chilichonse chosindikizidwa m'buku ndi mawu a wamkulu. Kunena kuti wolemba wina wotchuka anatalikitsa mutu wachitatu popanda chifukwa amakuona ngati mwano. N'chifukwa chake amathawira ku "nice", "good" ndi "interesting", mawu atatu amene ine ndinawaletseratu m'kalasi mwanga. Mantha amenewa satha ndi manotsi. Muyambe ndinu, Madamu. Tengani nkhani imene mukuwerenga nawo, munene poyera malo amene inuyo anakutopetsani, muwerenge ndime yake mokweza, mufotokoze chifukwa. Akaona kuti aphunzitsi adzudzula buku koma mphezi sinagwe, manja amayamba kukwera. Mungowachenjeza kuti kudzudzula si kutukwana, ndipo amene wati "boring" osaonetsa tsamba sanalembe kanthu.

Za kalembedwe sizivuta kwenikweni. Chiganizo choyamba chitchule mutu wa ntchitoyo, wolemba, ndi mtundu wake, kaya ndi ndakatulo, sewero kapena nkhani yaifupi. Kufotokoza nkhaniyo kusapitirire ziganizo zitatu, m'present tense, ndipo mathero asaululidwe. Lamulo la ziganizo zitatuli ndi limene linandichiritsira matenda amene mukudandaulawo, chifukwa mwana akafika chachinayi alibenso pobisala, ayenera kunena zake. Pomaliza anene woyenera kuwerenga bukulo ndi chifukwa chake.

Mabuku ndikudziwa ndi ochepa. Musadikire kuti aliyense akhale ndi lake. Nkhani yaifupi imodzi mumatha kuiwerenga mokweza m'piriyodi ya mphindi 40. Ngati kalabu ya drama ikukonzekera mpikisano wa zisudzo wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, akhazikeni ana aonere, alembe review ya anzawowo. Apo ndiye amalemba ndi mtima wonse, nthawi zina mopitirira muyeso. Masamba a zaluso a mu Weekend Nation ndi Malawi News muziwadula n'kusunga, ana azifufuzamo pamene mtolankhani wangofotokoza ndi pamene wagamula.

Pochonga koyamba musathe inki yofiira pa sipelo. Asinthane makope, aliyense adule mzere pansi pa chigamulo cha mnzake ndi kuzunguliza umboni wake. Kope lopanda chozunguliza libwerere kwa mwini. Sipelo ndi galamala mudzazigwire pa kulemba kwachiwiri. Akamadzafika pa mafunso a literature a MSCE, aja ofuna mfundo ndi zitsanzo zochokera m'buku, adzakhala atazolowera kale kuti mfundo siyenda yokha.

Mukayesa ya tchipisi ija, mutseke chitseko, a kalasi yoyandikana nanu angadandaule kwa ahedi.