Wapolisi wamva fungo la mowa, ndiye kuti aseche galimoto yonse?

Mayi wina amene akukhala ku America wanditumizira imelo. Akuti amuna awo anaimitsidwa usiku akuchokera ku phwando, wapolisi anati akumva fungo la mowa kenako anafunsa ngati angaone nawo m'galimoto, bambowo anangoti chabwino, basi anasecha paliponse mpaka kubuti. Funso lawo ndi lakuti, kodi apolisi amaloledwa kusecha galimoto chifukwa chongokayikira kuti dalaivala wamwa?

Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi pamene pakuwawa: amuna anuwo atangoti chabwino nkhani inathera pomwepo. Ukavomera wekha, wapolisi safunikanso waranti (chikalata cha khothi chololeza kusecha) kapena chifukwa china chilichonse. Ndipo khothi la Supreme kumeneko linagamula mu 1973, pa mlandu wa Schneckloth v. Bustamonte, kuti wapolisi sakakamizidwa kukuuzani kuti muli ndi ufulu wokana. Ndiye amafunsa mwaulemu ngati nkhani yaing'ono, munthu uli ndi mantha, magetsi ofiira ndi abuluu akuthwanima kumbuyo, tochi ili kumaso, umangoti eya poganiza kuti ukakana uoneka ngati ukubisa kanthu. Kukana si mlandu ayi, ndiponso kukana pakokha sikupatsa wapolisi mphamvu yosecha.

Kuimitsa galimoto ndi kusecha galimoto ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuti akuimitseni pamafunika chifukwa chochepa, mwina galimoto ikuyenda mokhotakhota, mwadutsa pa roboti yofiira, kapena getsi limodzi lathima. Akakuimitsani akhoza kuona laisensi, kukufunsani mafunso, kukutulutsani m'galimoto, ndipo akamva fungo la mowa kapena akaona maso ali psuu lilime likulemera, akhoza kuyamba kukuyezani. Koma kuti atsegule zitseko nkuyamba kupisa manja pansi pa mipando pamafunika chifukwa chogwirika chokhulupirira kuti umboni wa mlandu uli m'galimotomo, chomwe maloya amachitchula kuti probable cause. Izi zikuchokera mu Fourth Amendment ya malamulo aakulu a dzikolo, imene imaletsa boma kusecha anthu chisawawa.

Chosangalatsa nchakuti lamulo losecha galimoto popanda waranti linabadwira pa nkhani ya mowa womwewu. Mu 1925, nthawi imene kugulitsa mowa kunali koletsedwa ku America konse, khothi linaweruza mlandu wa Carroll v. United States. Akuluakulu a boma anaimitsa galimoto pamsewu wa pakati pa Detroit ndi Grand Rapids nkupeza mabotolo 68 obisidwa mkati mwa mipando. Khothi linati galimoto si nyumba, pamene wapolisi akuthamangira waranti iyo ikhala itapita kale, choncho ngati chifukwa chogwirika chilipo akhoza kusecha pompo. Mu 1982 khothilo linaonjezeranso kuti wapolisi akhoza kufika mpaka kubuti ndi m'zikwama, bola pakhale pamalo poti chinthu akufunacho chingabisikepo.

Nanga chifukwa chogwirikacho chimaoneka bwanji pamsewu? Wapolisi waunika ndi tochi, waona chitini cha mowa chotsegula pakati pa mipando, kapena botolo latheka likugubuduzika kumapazi. Zimene zili poyera safunika chilolezo kuti azione, ndipo m'ma state (zigawo za dzikolo) ambiri kukhala ndi mowa wotsegula mbali yokhala anthu ndi mlandu kale, ngakhale dalaivala asanalaweko. Nchifukwa chake botolo lotsala la kuphwando malo ake ndi kubuti. Fungo lochokera m'kamwa lokha ndi umboni wofooka, chifukwa limangosonyeza kuti munthu wamwa, silikunena kuti m'galimoto muli botolo, ndipo apa mpamene loya wabwino amalimbanapo. Kwa dalaivala wosakwana zaka 21 zinthu zimavuta msanga poti iye saloledwa nkomwe kugula mowa.

Akakumangani ndiye zimasinthanso. Mlingo wa mowa m'magazi umene ukafikapo kuyendetsa galimoto kumakhala mlandu ndi 0.08 peresenti, kupatula ku state ya Utah komwe anatsitsa kufika 0.05. Mu 2009 pa mlandu wa Arizona v. Gant khothi linati munthu akamangidwa nkuikidwa unyolo m'galimoto ya polisi, sangangosecha galimoto yake mwachizolowezi, pokhapokha ngati nzomveka kuti muli umboni wa mlandu womwe wamangidwirawo. Gant uja anamangidwa chifukwa choyendetsa laisensi ili yoimitsidwa, umboni wake sungapezeke pansi pa mpando. Koma pa kuledzera mabotolo ndi umboni, ndiye nthawi zambiri makhothi amalola. Ndipo galimoto akaikoka kupita nayo kosungira amaloledwa kulemba katundu yense ali mkatimo, chomwe apeza pamenepo chikhoza kukafika kukhothi.

Za kuuzira kamakina koyezera mowa musazisakanize ndi kusecha. State iliyonse ili ndi lamulo loti poyendetsa galimoto pamsewu munavomera kale kuyezedwa mukamangidwa, ndiye mukakana laisensi ikhoza kulandidwa ngakhale mlandu usanayambe. Mu 2016 pa Birchfield v. North Dakota khothi linati munthu akamangidwa kuyeza mpweya sikufuna waranti, koma kutenga magazi kumafuna. Marodibuloko ofufuza oledzera nawo analoledwa mu 1990, ngakhale ma state ena monga Texas sawachita, koma rodibuloko ndi yoimitsa anthu kwa kanthawi kochepa, si chilolezo chotsegula buti ya aliyense.

Ine kuyendetsa galimoto utamwa sindikuikira kumbuyo mpang'ono pomwe, anthu akufa pamisewu chifukwa cha zimenezi, amene wamwa apatse mnzake makiyi. Koma zimandipweteka kuona munthu akutaya ufulu wake chifukwa cha mantha basi. Muwauze bambo kuti tsiku lina zikadzachitikanso manja akhale pa chiwongolero, apereke laisensi, ndipo akafunsidwa zosecha ayankhe modekha kuti bwana, sindikuvomera kuti museche. Akasechabe asalimbane nawo, asagwire chitseko, angoloweza nthawi, malo ndi nambala ya wapolisiyo. Umboni wopezeka posecha mophwanya lamulo woweruza akhoza kuutaya, zimenezi zinakhazikika m'ma state onse kuyambira 1961.

Simunanene ngati anapeza kanthu kapena anawatsegulira mlandu. Ngati mlandu ulipo pezani loya wa mu state yanuyo sabata ino, apemphe vidiyo ya kamera ya wapolisi ngati ilipo, amve bwinobwino mawu amene anafunsira ndi mmene bambo anayankhira, chifukwa kuvomera kochita kuopsezedwa khothi silikuwerengera.